Pakamwa Panga ndi Kanema Wosalankhula

Ku Dennistoun, dera lina la mumzinda wa Glasgow, kuli holo ina imene kwa nthawi ndithu ndinkati ndikamadutsapo, ndinkayang'ana tsidya lina la msewu ngati ndaona mnzanga. Palibe anandiletsa kulowamo, ayi. Anthu a kuno sathamangitsa munthu. Amangokumwetulira n'kukuthokoza chifukwa chobwera, mpaka uzindikire wekha kuti wanyanya. Ineyo anandithokoza kawiri.

Nkhani yake ndi ya mwana wanga Tamanda. Tamanda anabadwira konkuno ku Glasgow, wakulira ku Springburn, ndipo amaimba piyano. Chichewa amamva cha m'nyumba basi: bwera kuno, tseka chitseko, wadya kodi. Ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi cha kuno, chija chimamveka ngati munthu akulankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. (Amake amandiletsa kunena zimenezi. Koma nawonso amamuuza kuti abwereze.)

Chaka chatha mwanayu anagwidwa ndi matenda achilendo. Anayamba kukonda makanema akalekale a ku Amereka, a nthawi ija kanema asanaphunzire kulankhula. Zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha, anthu akuyenda mwandawala ngati atsegula m'mimba, milomo ikugwedezeka koma mawu osatuluka. Kuchipinda kwake anamata zithunzi za akatswiri a nthawi imeneyo, akazi a maso odetsedwa ngati agona kumaliro, amuna a tsitsi lonyezimira ngati lanyambitidwa ndi ng'ombe. Tikakhala pa chakudya timangomva za iwowo. Akuti anthu amenewa ankasewera ndi maso ndi manja basi, koma anthu kumalira nawo dziko lonse. Akuti makanema awo ambiri anatayika, ena anapsa, poti matepi a nthawiyo sankachedwa kugwira moto. Akutinso kanema wolankhula atabwera, akatswiri ena ntchito inawathera pomwepo, chifukwa mawu awo sanagwirizane ndi nkhope.

"Ndiye kuti anali otchuka mpaka tsiku limene anatsegula pakamwa?" ndinatero ine, n'kuseka mpaka kukhosomola. Ndikanadziwa, bwenzi nditaseka pang'ono.

Makanema amenewa, kuti mudziwe, saonetsedwa paokha. Pamakhala munthu pa piyano pansi pa chinsalu, akuimba motsatira zimene zikuchitika. Akathamanga nayenso amathamanga, akalira nayenso amaliritsa zala. Holo ya ku Dennistoun ija imaonetsa kanema wotero kamodzi pamwezi, Loweruka masana, ndipo mkulu amene ankaimba kumeneko anapuma chifukwa cha nyamakazi ya m'zala. Mayi woyang'anira holoyo, Msikoti wa imvi wolankhula motsitsa, anayamba kuyesa achinyamata, aliyense kanema wake mmodzi. Womusangalatsa atenga mpando wa pa piyanowo chaka chonse. Tamanda anaufuna mpando umenewo monga sindinamuonepo akufuna chinthu chilichonse. Anayeserera mpaka aneba a pansi anayamba kuimba nyimbo zake polowa m'nyumba.

Atatipatsa matikiti awiri, langa ndi la amake, anandikhazika pansi.

"Dad," anatero m'Chingerezi chake chija, "ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Musakalankhule."

"Ine? Kulankhula?"

"Chakumapeto pali malo amene ndikasiye kuimba. Dala. Holo yonse ikuyenera ikakhale chete. Zonse zagona pamenepo."

Ndinakhumudwa, sindikubisirani. Ine ndi munthu wokonza makompyuta pa ofesi ina m'tauni muno. Tsiku lonse ndimakhala duu, moni yekha basi. Ndinamuuza kuti bambo ake ndi munthu wamkulu, wodziwa khalidwe la pagulu. Amake anali pasinki. Sanatembenuke, koma ndinaona msana wawo ukuseka.

Anali ndi chifukwa. Ndisanabwere kuno, ndisanadziwe taye, ndinali womasulira kuvidiyo ku Ndirande. Amene munakulira kumeneko mukudziwa: chisakasa cha malata ndi mphasa, mabenchi, kawailesi kakanema kamodzi kutsogolo, jenereta ikubangula kuseri, ndipo pambali munthu ali ndi maikolofoni akufotokoza kanema m'Chichewa. Munthu ameneyo ndinali ine. Sindinkamasulira zimene akunena, poti nanenso sindinkamva. Ndinkangoyang'ana nkhope n'kuipatsa mawu oiyenera. Wachitchaina akakwiya, ndinkamulankhulitsa ngati kondakitala wa minibasi amene wina wamuthawa. Anthu ankafunsa kaye pakhomo ngati lero ndilipo ine. Amake Tamanda anayambira komweko kundiseka, mpaka kusekako kunathera ku tchalitchi.

Kulakwa koyamba kunachitika Lamulungu, pa tiyi wa tikatuluka mapemphero. Ndinauza munthu mmodzi yekha, a Gondwe, mkulu wampingo, kuti mwana aimba ku Dennistoun. Mmodzi basi. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Amalawi salola mwana aime pagulu yekha ngati wamasiye. Loweruka titafika paholo tinapeza mzere wathunthu wa kwathu ukutidikira pakhomo, ena achokera ku Easterhouse pa sitima, ena atsika basi, onse avala za ku ukwati. Tamanda anatiyang'ana, anayang'ana ine, n'kulowa.

Pagululo panali Mayi Nambewe. Mayi Nambewe ndi a ku Dedza, anabwera kudzalera chidzukulu kwa mwana wawo ku Easterhouse, ndipo Chingerezi anachikana kuyambira pabwalo la ndege. Anamanga chitenje pamwamba pa chikhothi, m'manja ali ndi kontena ya mandasi.

"Ine ndikhala pafupi ndi bambo a Tamanda," anatero polowa, "azindiuzako zochitika."

Munthu wamkulu ukamukaniza bwanji? Anakhala kumanzere kwanga, a Gondwe kumanja, ndipo amake Tamanda, amene ntchito yawo pamisonkhano ndi kunditsina, anapezeka ali kumapeto kwa mzere, kutali koti dzanja silingafike. Apa m'pamene zinthu zinaonongekera, ngakhale magetsi anali asanazime.

Holo inali yodzaza. Agogo achisikoti a masikafu m'khosi, ana asukulu a ndevu, onse ali chete ngati akulemba mayeso. Magetsi anazima, Tamanda anakhala pa piyano atatipatsa msana, kanema n'kuyamba.

Nkhani yake inali yosavuta. Bambo wokalamba ali pamunda ndi mwana wake wamkazi, awiriwiri. Mtsikanayo akudyetsa nkhuku, bamboyo wakhala pampando wake pakhonde, chipewa pabondo. Kenako chinsalu chinada, panatuluka mawu olembedwa.

"Alemba chiyani?" Mayi Nambewe anandigunda ndi chigongono.

Ndinaganiza kaye. Mwana anati ndisalankhule. Koma kunong'oneza munthu wamkulu mawu olembedwa si kulankhula kumeneko, ndi chithandizo. Ndinawanong'oneza. Anagwedeza mutu. Palibe anatembenuka. Ndinadziyamikira mumtima kuti ndikutha kudzigwira.

Mawu olembedwawo, tsoka lake, amabwera patalipatali. Pakati pake anthu amangogwedeza milomo. Mtsikana uja anagwada pafupi ndi bambo ake, milomo ikuyenda.

"Nanga pano akuti chiyani?"

"Sanalembe, amayi."

"Ndaona kuti sanalembe. Koma si akulankhula? Inu si munapita kusukulu?"

Ndinayang'ana nkhope ya mtsikanayo. Abale anga, inali nkhope yolankhula yokha. Maso aakulu, mutu wopendekeka. Zaka zonse ndakhala kuno ndinkayesa chinthu chija chinafa, koma chinangogona.

"Akuti, 'Mwadzuka bwanji, ababa? Msana uja uli bwanji lero?'"

"Eya," anatero Mayi Nambewe, akutsegula kontena. "Mwana waulemu. Dzina lake ndani?"

"Esinati."

Ndinalipeka pomwepo. Dzina lake lenileni linali litalembedwa pachinsalu, koma silinkamukhala.

Posakhalitsa panafika galimoto, mukutsika bambo wa m'tauni wa suti yamizeremizere ndi ndevu zapamlomo zopotokola. Munthu wotero simungamusiye wopanda mawu, ndi kuononga katundu. Ndinamupatsa mawu a dobadoba wina amene ndinkamudziwa ku Limbe.

"Asisi, muli ndi nkhope ya m'tauni inu. Mukutani kuno ndi nkhuku? Tiyeni ndikakuonetseni magetsi."

A Gondwe anatsamira kwa ine. "Akuti chiyani?" Ndinabwereza. Iwo anauza a pafupi nawo, a pafupiwo anauza ena, nkhani n'kumayenda mumzere ngati mbale ya chopereka. Ndinaona kuti kupatsirana kumeneku kukuchititsa phokoso. Ndiye pofuna kuchepetsa phokosolo, ndinakweza mawu pang'ono kuti onse azimvera limodzi. (Mpaka lero ndimaona kuti maganizo amenewa paokha anali abwino.)

Esinati ananyamula kasutikesi. Bambo ake anagwira mpanda, akupukusa mutu. Ndinawapatsa mawu a amalume anga: "Pita, mwana iwe, udzandipeza pompano." Mayi Nambewe sanathe kupirira.

"Usakwere galimotoyo! Iwe Esinati! Ndevu zimenezo si za munthu wokwatira!"

Esinati anakwera.

Mkulu wina wachisikoti wa mzere wa kutsogolo anatembenuka n'kutiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinamuweramira mwaulemu. Mayi Nambewe anamupatsa mandasi. Analandira, ndipo ine ndinatenga kulandirako ngati chilolezo. Patapita kanthawi uthenga unafika kuchokera kumapeto kwa mzere, a Gondwe ndiwo anandinong'oneza: "Akunyumba akuti mutseke pakamwa." Ndinatsekadi. Koma Mayi Nambewe anasuzumira kumene kunali amake Tamanda n'kukupiza dzanja. "Asiyeni, akutithandiza!" Ndinakhala pakati pa mkazi wanga ndi munthu wamkulu. Ndinasankha amene anali pafupi.

Ndinene chilungamo apa, Tamanda ankaimba bwino zedi. Esinati atafika m'tauni, piyano inasanduka tauni: magalimoto, mabelu, anthu akukankhana. Ndinkamva ndithu kuti mwana wanga akuchita zazikulu, ndipo mtima unkandidzadza. Koma khutu langa linaphunzira ntchito pafupi ndi jenereta. Phokoso likakwera, mawu anga amakwera okha, osandifunsa. Piyano inali kundiphimba, ine n'kumabisala m'kati mwake, ndikukulirakulira.

M'tauni zinamuvuta Esinati, monga Mayi Nambewe ananenera. Wandevu uja anamusiya pakhomo pa nyumba yovinira n'kupita ndi wina wa chipewa cha nthenga. ("Ndinanena ine," anatero Mayi Nambewe, mzere wonse n'kuvomera.) Kumudzi bambo aja madzulo aliwonse ankaima pachipata atanyamula nyali, akuyang'ana msewu. Nthawi iliyonse akaonekera amakhala awonjezera kuwerama. Apa ndinawapatsa chifuwa. Ndinkakhosomola m'malo mwawo, ndipo a Gondwe anati chifuwa chimenecho n'chofunika kuchipatala.

Kenako Esinati anakumana ndi munthu wa kwawo pamsika, anamuuza kanthu, iye n'kugwira pamtima. Anathamangira kusiteshoni. Sitima inanyamuka, utsi tolo, mawilo akuzungulira, ndipo Tamanda anaigwira piyano ngati ndiye akuyendetsa sitimayo. Holo yonse inkanjenjemera. Ine ndinali nditafika pa mawu anga enieni a ku Ndirande, aja ankamveka mpaka kwa ogulitsa chipisi.

"Adalaivala, pondani! Pondani, bambo, kunyumba kwavuta! Osaima pa Lunzu!"

Esinati anatsika, anathamanga m'kanjira, anafika pachipata. Nyali inali pamtengo, yozima. Anakankha chitseko. Mpando uja unali m'kati, wopanda munthu, chipewa chili pamenepo. Pakona panaima mayi wachineba, anaweramitsa mutu.

Piyano inaleka.

Nkhope ya mtsikanayo inadzaza chinsalu chonse. Anayang'ana mpando uja, milomo n'kuyamba kugwedezeka pang'onopang'ono. Sanalembe kanthu. M'holo munali zii, moti ndinamva kontena ya mandasi ikulira pamiyendo pa Mayi Nambewe.

Apa ndiye pamene mwana anandiuza. Ndinkadziwa. Mutu unkadziwa bwinobwino. Koma mpweya ndinali nditakoka kale, ndipo kuvidiyo chete ndi mdani: ukangokhala chete anthu amayamba kugenda malata. Komanso, ndinene, chete ameneyo anandikhudza mwa mtundu wina, moti ndinafuna athe msanga. Ndinangomva mawu achikazi, opyapyala, okweza, akutuluka m'kamwa mwanga:

"Ababa inunso! Kumwalira osatsanzika? Nanga makiyi a nyumba mwasiya pati?"

Mzere wathu unaphulika. A Gondwe, mkulu wampingo wathunthu, anapinda pakati akulira ngati tayala lophwa. Mayi Nambewe anaomba m'manja: "Zoona! Amuna ndi choncho, amapita nawo makiyi!" Ana asukulu ena, osamva ngakhale liwu limodzi, anayamba kuseka nawo, poti kuseka n'kopatsirana. Mkulu wa mandasi uja anatsamwa.

Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana msana wa Tamanda. Sanatembenuke. Manja anali pamiyendo, mapewa ali njo. Anadikira mpaka pamene anakonza kuti chete wake athere, ngakhale chete panalibe, kenako anaika zala pa piyano n'kumaliza kanemayo motsitsa. Palibe anamva bwino mathero ake, anthu anali akupukutabe misozi ya kuseka.

Magetsi atayaka, anthu anaomba m'manja mwaulemu. Mayi woyang'anira holo uja anabwera molunjika kwa ine, akumwetulira. Anandithokoza chifukwa chobwera. Anafunsa kuti chinali chilankhulo chanji, ndinamuuza. Anati n'zochititsa chidwi, chifukwa kalelo m'mayiko ena kunkakhaladi munthu woima pambali pa chinsalu, wofotokozera anthu kanema. Ndinayamba kuwongola taye. Kenako anawonjezera kuti anthu amenewo ankachita kuitanidwa. Anandithokozanso kachiwiri.

Mu basi ya ku Springburn tinakhala ngati anthu osadziwana. Amake Tamanda ananena mawu amodzi okha, ali chiyang'anire pawindo: "Ndinakwatiwa ndi wailesi." Tamanda anakhala kutsogolo, zomvera nyimbo zili m'makutu.

Kunyumba kwathu kunasanduka kanema wa mtundu womwewo. Tamanda akafuna mchere ankaloza. Ndikamupatsa moni ankagwedeza mutu. Ndinaphunzira kuti maso okha amathadi kunena zambiri, akatswiri aja sankanama. M'kati mwa sabata uthenga unabwera kuchokera kuholo. Mpando anapatsa mnyamata wina. Mayi uja anati Tamanda anaimba bwino kwambiri, koma mathero sanathe kuwamva, choncho adzamupatsa Loweruka limodzi m'nyengo yozizira kuti adzaimbenso. Amake ndiwo anandiuza zimenezi. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Mwana anagwira ntchito yake bwinobwino, womulanda anali bambo ake.

Lamulungu masana ndinamupeza kukhitchini akupanga tiyi. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, okhala ndi mutu, thunthu ndi mathero, koma nditaima pakhomo anathawa onse.

"Tamanda, mwana wanga, ndinalakwa. Pepa."

Anathira madzi m'kapu. Anatulutsa kathumba ka tiyi. Kenako, kwa nthawi yoyamba chichokereni kuholo, anandilankhula.

"Munati chiyani kwenikweni? Ine ndinangomva makiyi."

Abale, ngati mukufuna kudziwa kulemera kwa nthabwala yanu, imasulireni m'Chingerezi kukhitchini, kwa munthu amene sakuseka. Ndinamasulira. Inatuluka ngati nkhuku yonyowa. Tamanda anaika kapu patebulo.

"Mukudziwa kumene ndinautenga chete uja?" anatero.

Ndinati mwina kwa aphunzitsi ake.

"Kwa inu. Tsiku limene agogo anamwalira."

Bambo anga anamwalira ku Thyolo ine ndili kuno. Tamanda anali wamng'ono, wa ku pulayimale. Mapepala anga nthawi imeneyo sankandilola kutuluka n'kubwereranso, ndiye kumaliro sindinapite. Ndinkayesa mwanayo sakukumbuka kanthu.

"Foni inalira m'mawa," anapitiriza. "Munamvetsera, munaiika pansi, n'kukhala pampando uwo. Inu amene simukhala chete ngakhale mukutsuka mano. Milomo yanu inkagwedezeka koma mawu sankatuluka. Ine ndinaima pakhomo apo ndi chikwama cha kusukulu. Nditaona mtsikana uja akuyang'ana mpando, ndinadziwa kuti palibe nyimbo imene ndingaikepo. Ndinkafuna mukamve inuyo, Dad. Enawo ayi."

Ndinakhala pampando womwewo. Zinandipweteka, ndipo ndinalira pamaso pa mwana wanga. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti theka loyamba la mawu anga aja silinali nthabwala. Kumwalira osatsanzika. Ndi zimene milomo yanga inkanena m'mawa uja, ndipo ndakhala nazo zaka zonsezi. Za makiyi ndinangowonjezera kuti ndisalire pagulu.

Tamanda anandipatsa tiyi amene anadzipangira yekha. Analibe shuga, koma ndinamwa osadandaula.

Nyengo yozizira itafika, anasankha kanema yemwe uja. Malamulo anali okhwima. Ndikakhale mzere woyamba, pafupi ndi piyano, amake kumanzere kwanga, kumanja khoma. Kutchalitchi ndisakauze munthu. Sindinauzedi munthu. (Amake anauza akazi a a Gondwe okha.) Tikulowa, Tamanda anandiika kanthu m'dzanja. Anali tofi wa kuno, mtundu wa switi, uja wolimba ngati mwala, wokula ngati dzira la nkhunda.

"Sitima ikangoonekera, muike m'kamwa," anatero. "Mulume."

Ndinaonera kanema yense ndili phee, ndikutuluka thukuta kunja kukuzizira. Wandevu uja anabwera n'kupita wopanda mawu, zinandiwawa ngati kutaya chakudya. Sitima itaonekera ndinaponya tofi m'kamwa n'kuluma monga anandiuzira. Esinati anathamanga, anafika pachipata, anakankha chitseko. Mpando, chipewa. Piyano inaleka.

Ulendo uno chete anabweradi, wathunthu. Anthu odzaza holo, osakhosomola ngakhale mmodzi. Ndinayang'ana milomo ya mtsikana uja, katswiri amene anamwalira kalekale ine ndisanabadwe, ndipo ndinawaona bambo anga ali pakhonde ku Thyolo. Misozi inangotsika yokha.

Kenako chala chinandigogoda paphewa. Fungo la mandasi.

"Bambo a Tamanda," ananong'ona Mayi Nambewe kuchokera mzere wa kumbuyo, "pano akuti chiyani?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinali nditaphunzira, kuti ndinasankha ndekha kukhala chete. Bodza. Munthu wamkulu anafunsa, ndipo ine ndinatembenuka, ndinakoka mpweya, yankho lili kale palilime. Koma nsagwada zinakana. Tofi anali atamata mano a pamwamba ndi a pansi ngati simenti. Milomo yokha ndiyo inagwedezeka.

Mayi Nambewe anandiyang'ana kumaso, anayang'ana pachinsalu, anandiyang'ananso. Anandisisita paphewa pang'ono.

"Basi," anatero motsitsa, "ndamva."

Mpando wa chaka uja sunabwerere, unapita basi. Koma mnyamata uja akatanganidwa, mayi wa kuholo amaitana Tamanda, ndipo Tamanda amandiitana ine. Amauza anzake kuti bambo ake anasintha. Ine sindimutsutsa. Ndimangoonetsetsa kuti tisanatuluke m'nyumba, tofi ali m'thumba la jekete.